Yankho pa za kafukufuku ndi kaphunzitsidwe ku Ulónguè

Bambo, mwafunsa ngati aphunzitsi a ku yunivesite ya UniZambeze, ku Mozambique, angalimbitse kafukufuku popanda kunyalanyaza ophunzira awo. Ine ndikuona kuti n'zotheka, makamaka ku nthambi ya zaulimi ya ku Ulónguè, m'boma la Angónia, chifukwa minda ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere ili pafupi pomwepo. Mphunzitsi akamayesa mbewu kapena nthaka limodzi ndi ophunzira ake, ntchito ziwirizi zimayendera pamodzi. Chimene chikufunika kwambiri ndi zipangizo zoyesera komanso mpata woti aphunzitsiwo apeze digiri ya PhD. Chimene chimandikhudza ndi chakuti zotsatira zimalembedwa m'Chipwitikizi, pomwe alimi ambiri kuno amalankhula Chichewa, choncho ziyenera kuwafikira m'chinenero chawo, ngakhale kudzera pa wailesi.