Mwana akufuna ntchito yofufuza tizilombo, kodi idzamudyetsa?

Funso: Achimwene, ine ndimakhala ku Mabvuku, mwana wanga wamkazi ali Form 6 ndiye wakakamira zoti adzakhale forensic and environmental microbiologist. Ndi ntchito yanji imeneyi, nanga kuno ku Harare ilipo? Mayi wa ku Mabvuku

Yankho: Mayi, ntchitoyi ndi yofufuza tizilombo tosaoneka ndi maso m'madzi, m'dothi ngakhale m'chakudya, kenako nkunena komwe tachokera mwa njira yoti khoti likhoza kukhulupirira. Mbali ya milanduyi inakula kwambiri ku America mu 2001 pomwe makalata okhala ndi kachilombo ka matenda a anthrax anapha anthu asanu, akatswiri nkumalondola mtundu wa kachilomboko mpaka ku labu komwe kanachokera.

Koma kunena mosabisa, milandu ngati imeneyo siibwera daile, kuno ntchito yeniyeni ili m'madzi. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu opitirira 4,000 mu Zimbabwe muno, ndiye mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro mu Harare muno suweji italowa m'mijigo, ndipo amene amatunga madziwo nkukawayeza ndi anthu a ntchito yomweyi. Muyezo wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi woti m'madzi akumwa okwana 100 ml musapezeke E. coli olo mmodzi (kachilombo kosonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi), inu nomwe mukudziwa za kuipa kwa madzi a Lake Chivero, komwe Harare imatunga madzi, ndi zitsime zomwe timakumba kuseri kwa nyumba, mungoona nokha ngati ntchito ingathe.

Za mapepala, akhoze bwino Biology ndi Chemistry ku A-Level, atenge digiri ya sayansi ya zamoyo ku University of Zimbabwe kapena ku NUST ku Bulawayo, kenako masters ya microbiology. Ambiri oitanidwa kukhoti ngati akatswiri amakhalanso ndi PhD, ndiye ulendowu ndi wautali ndithu, fizi muyambiretu kusunga. Nthawi ya attachment ayesere ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kapena ku National Microbiology Reference Laboratory ya pa chipatala cha Sally Mugabe.

China chomwe ana sachiganizira ndi kulemba. Sampulo iliyonse imalembedwa kuti watunga ndani, nthawi yanji, wapatsira ndani, ndipo pakangosoweka siginecha imodzi loya wa mbali inayo atha kuugwetsa umboni wonse olo zotsatira zikhale zoona. Ndiye ngati mtsikana wanuyo ali wotaya makope musamuleke, muyambe naye pompano.