Mwana wathu wa ku Mbare timutcha chiyani?

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti mkulu wako wachira, koma khandalo ukalisintha thewera sudziwa ngati ndi lalimuna kapena lalikazi. Apongozi akuti ndi malodza. Pa khadi la kuchipatala alembapo DSD, dzina lachidule limene madokotala amatchulira kubadwa ndi ziwalo zotere, pomwe mlongo wako wawerenga pa Facebook kuti mawuwo ndi chipongwe, muziti intersex, mawu ena a Chingerezi onena za anthu omwewa.

Za malodzazo zisiyeni lero lomwe. Ana otere amabadwa m'mitundu yonse, ndipo mayi sanalakwe kanthu. Ziwalo zimaumbika mwana ali m'mimba, mahomoni ndi amene amazitsogolera. Ku Kenya pa kalembera wa 2019 anawerenga anthu otere okwana 1,524.

Mlongo wakoyo sakungokalipa. Dzina la DSD anagwirizana ndi madokotala pa msonkhano wa ku Chicago mu 2005, ndipo D woyambayo akutanthauza chinthu chosokonekera. Eni matupi ambiri analikana, ati ukangoti thupi lasokonekera, mpeni uli pafupi. Ena akuti D ameneyo azitanthauza kusiyana chabe. Ine ndimawamvetsa. Ife ana a Amalawi tinakula muno mu Harare tikuitanidwa ndi dzina lotinyoza lakuti Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndipo mpaka lero ndikalimva mtima umandiwawa. Dzina lokupatsa wina iwe usanafunsidwe limaluma.

Koma khadilo musalitaye. Mwa ana otere alipo ena a matenda otchedwa CAH, amene thupi lawo limataya mchere m'masabata oyambirira. Mukaona mwana akusanza, akukana bere, wafooka, musadikire kuche, thamangani naye ku chipatala cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa. Kumeneko tchulani mawu a adokotala a pa khadi aja kuti athandizidwe msanga.

Opaleshoni yongofuna kuti mwana azioneka ngati anzake ndi nkhani ina. Ngati akukodza bwino, madokotala atsimikizanso kuti moyo suli pachiswe, dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chodulidwa sichimeranso. Dziko la Malta linaletsa mu 2015 kuchita maopaleshoni otere mwiniwake asanafike povomera yekha. Chiphaso cha kubadwa kuno ku Zimbabwe chimafuna mulembe mwamuna kapena mkazi. Lembani mutamva uphungu wa madokotala, koma akadzakula n'kunena zina, mudzamumvere.

Chimodzi ndikuletseni: asapezeke wovula mwanayo kuti alendo aone, kapena womujambula n'kutumiza pa WhatsApp. Pomusambitsa pakhale mayi ake ndi iwe basi.

Tsono pakhomo timutcha chiyani? Chinenero chathu chinatikomera mtima. Chisomo, Mphatso, Chikondi, onsewa ndi maina a mnyamata ndi mtsikana yemwe. Mchombo ukagwa mundiuze, ndikwera kombi kuchokera ku Mufakose ndi ufa ndi nsalu yoberekera, tidzamutulutse m'chikuta monga timachitira ndi mwana aliyense. Apongoziwo ndikayankhula nawo ndekha.