Mphwanga, lalifupilo usagule

Eya, mwaswera bwanji nonse m'gulumu. Mphwanga, uthenga wako ndaumva, woti kuntchito kwanu wina akugulitsa surfboard, thabwa lokwerera mafunde lija, yaifupi motchipa, ndiye ukufunsa ngati ingakuyenere pa mafunde ang'onoang'ono a ku Muizenberg, ku Cape Town. Ndili pa Lizulu pano, phokosoli ndi la msika, ungopirira.

Usagule. Zaka zanga za ku Cape Town zija ndinayamba ndi thabwa lotero, mwezi wathunthu osaimirirapo, mapewa okha kuwawa.

Funde laling'ono lilibe mphamvu yokukankha. Kuti likunyamule, thabwa liziyandama bwino, iwenso uzipalasa mwaliwiro mpaka ufanane nalo fundelo. Tsono lalifupi lija, lopyapyala, lamphuno yosongoka, ukangoligonera limamira, madzi n'kukukwera pamsana. Ukupalasa, ukupalasa, funde lakudutsa pansi, wangotsala pomwepo. Amenewo ndi a akatswiri, pa mafunde oima ngati khoma.

Iwe fufuza lalitali mapazi 8, ngakhale 9 lomwe amati longboard. Likhale lotambalala, lochindikala, mphuno yozungulira. Uligoneke pamchenga, ugwade, uliyang'ane cham'mbali. Mimba yake igone pansi, isapindike ngati nthochi, chifukwa lopindika limakankha madzi m'malo motsetsereka. Ndiye pali nkhani ya malita, muyezo wa kukula kwa thupi lonse la thabwa, ambiri amalemba kunsi kwa thabwalo. Kwa woyamba kumene, malitawo ayandikire makilogalamu a thupi lake. Iwe uli cha m'ma 70 paja? Basi, malita 70 kapena kupitirirapo. Aafupi aja ambiri amangosewera pa malita 30, ndiye taona kusiyana kwake.

Ine ndikanakonda uyambe ndi lofewa pamwamba lija, amati soft-top. Pa Surfer's Corner, gombe la ku Muizenberg komweko, anthu amadzaza Loweruka, ana ophunzira ali mbwee m'madzimo. Thabwa lolimba likakupulumuka limavulaza mwana wa eni, kapena iwe wemwe pamphumi. Anzako akamati ndi la ana, asiye, iwe ukhala ukukwera mafunde iwo akungoyandama.

Usanatulutse ndalama, bwereka kaye pa mashopu a pomwepo, amabwereketsa pa ola. Lero la 8, sabata yamawa la 9, thupi likuuza lokha.

Ukafuna logwiritsidwapo kale ntchito, linyamule kaye. Likalemera modabwitsa ndiye kuti linamwa madzi. Dinikiza ndi chala chachikulu pamwamba ponse, pamene pakubonyoka ndiye kuti khungu linasiyana ndi zam'kati. Uonenso ming'alu m'mbali ndi pomwe pamalowa zipsepse. Chingwe chapamwendo chitalike ngati thabwalo, ndipo chimenecho gula chatsopano.

Achemwali, ndakumvani mukudandaula za shaki. Kumeneko kuli a Shark Spotters, anayamba mu 2004, amakhala paphiri kuyang'ana m'nyanja. Akaona shaki amaliza sailini n'kukweza mbendera yoyera, aliyense n'kutuluka. Mphwanga, ikalira imeneyo usadikire funde lomaliza, tuluka. Upezenso wetsuit, chovala chothina choteteza kuzizira m'madzi, madzi ake nthawi yozizira amaluma ngati otunga m'mamawa ku Dedza mu June. Chilimwe upite m'bandakucha, mphepo ya southeaster ija isanavundule nyanja.

Ukalipeza, ulijambule kunsi ndi m'mbali, unditumizire usanalipire. Ndathamanga, basi ya ku Ntcheu yadzaza.