Kalata yati "exonerated": kodi ndiye kuti awakhululukira?

Mayi wina wanditumizira imelo. Amuna ake anaimitsidwa ntchito powaganizira kuti ankaba mafuta a galimoto, ndiye kwabwera kalata yachingerezi yonena kuti ali exonerated. Akufunsa ngati abwana awakhululukira.

Ayi mayi, sanawakhululukire, chifukwa wokhululukidwa ndi amene walakwa. Kalatayo ikunena kuti afufuza ndipo apeza kuti bambowo alibe mlandu. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ndipo kumeneko ankatanthauza kumutula munthu katundu amene wasenza.

Imelo yanuyi yandikhudza chifukwa cha mayi anga aang'ono. Iwo anali msungichuma wa banki m'khonde kumudzi kwathu. Tsiku logawana ndalama mu Disembala, bokosi litatsegulidwa, ndalama zinaperewera. Anthu sanadikire n'komwe. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti malata atsopano a nyumba yawo aja tsopano tawadziwa kochokera, chonsecho malatawo anagula ndi mwana wawo wa ku Johannesburg. Mayi aang'onowo anagulitsa mbuzi zawo n'kubweza ndalama zimene sanadye, kungoti pakhale mtendere. Kenaka mphunzitsi wina atawerenga bwino buku la ngongole, anapeza kuti ngongole ya membala wina inalembedwa kawiri kuti yabwezedwa. Ndalama zawo anawabwezera, inde, koma madzulo, kuseri kwa nyumba, atazikulunga m'kansalu. Pa msonkhano palibe anatsegula pakamwa. Ngakhale pamaliro, mbale ya chipepeso sankawapatsanso kuti agwire.

Ine zimenezi sindizivomereza. Amene anaipitsa dzina la munthu pagulu aliyeretsenso pagulu, pamaso pa anthu omwe aja anamva akunenedwa kuti ndi wakuba. Kupepesa monong'ona kumateteza wonamizira, osati wonamiziridwa.

Ndipo musasokoneze mawu oti exonerated ndi oti acquitted a kukhoti. Amenewo amangonena kuti oimba mlandu alephera kubweretsa umboni wokwanira. Mu Disembala 1995 khoti linamasula Kamuzu Banda ndi John Tembo pa mlandu wa imfa ya andale anayi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, ndipo anthu mpaka lero amakambiranabe nkhaniyo mosiyanasiyana. Koma taonani za anyamata asanu a ku New York, amene anamangidwa mu 1989 powanamizira kuti anagwirira mayi ku paki yotchedwa Central Park. Mu 2002 munthu wina, Matias Reyes, anaulula kuti ndi iyeyo, DNA inagwirizana naye, ndipo zigamulo zawo zinafafanizidwa. Apo ndiye pamakwana exonerated. Mzinda wa New York unawalipira madola 41 miliyoni mu 2014, koma unyamata wawo unali utathera kale m'ndende. Mmodzi wa iwo, Yusef Salaam, anasankhidwa kukhala khansala wa mzindawo mu 2023.

Tsono muchite chiyani?

Kalatayo muijambulitse, yeniyeniyo muisunge pabwino. Bambowo apemphe polemba kuti ina ilowe mu fayelo yawo, afunsenso za malipiro a miyezi imene anakhala pakhomo. Akawazengereza, apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Ndipo apemphe, mopanda manyazi, kuti abwana aiwerenge kalatayo pamsonkhano wa ogwira ntchito onse.