Anakuchotsani pa galimoto, steward akuti "ndiyankhula nawo": masiku a dandaulo akuthabe

Achimwene, ndifupikitse kaye kalata yanu kuti ena amve nkhani. Mumagwira ntchito ya maola ochepa ku UPS, kampani yonyamula maphukusi, m'chigawo cha Indiana ku America, kulongedza maphukusi m'magalimoto mbandakucha. Munalemba dzina pa pepala la ofuna kukhala madalaivala ogwirizira, aja amawatcha temporary cover driver. Munapita ku maphunziro, munayamba kuyenda ndi galimoto, koma masiku oyesedwa asanathe anakuuzani kuti simunakhoze chifukwa mumachedwa kumaliza ulendo, mubwerere kolongedza. Steward, woimira bungwe la antchito pamalo anu a ntchito, anati ayankhula nawo akuluakulu. Sabata yatha, zii. Amalume anu akuti khalani chete, kwa eni kulibe mkuwe. Inu mukufunsa ngati nkhaniyi mungapite nayo ku khoti.

Ku khoti simungapite panopa, ndipo chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi sabata yathayo.

Ntchito yanu imayendera mgwirizano wa UPS ndi bungwe la antchito la Teamsters. Umene ulipowu unayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2023, udzatha pa 31 Julayi 2028, ndipo pamene unkayamba unkakhudza antchito pafupifupi 340,000. Ambiri amaudziwa chifukwa cha ndalama basi, monga $21 pa ola imene woyamba kumene ntchito ya maola ochepa ankalandira mu 2023. Koma mfundo zokhudza inuyo, monga ndani ali woyamba pa mzere wa udalaivala, masiku oyesedwa amawerengedwa bwanji, wolephera adikire nthawi yaitali bwanji asanayesenso, zambiri sizili m'buku lalikulu lija la National Master Agreement. Zili m'buku lachiwiri la dera lanu, supplement, nthawi zinanso m'kapepala kowonjezera ka local yanu yokha, kutanthauza nthambi ya bungwelo ya m'dera lanu. Ma local 705 ndi 710 a ku Chicago ali ndi mapangano awoawo osiyana ndi a dziko lonse, ndipo la 710 limafika mpaka mbali zina za Indiana. Choncho zimene wakuuzani mnzanu wa ku Texas kapena za m'gulu la pa Facebook zikhoza kukhala zoona kwawoko, koma zosagwira kwanu. Funsani nambala ya local yanu, pitani ku ofesi yawo mukapemphe buku. Gawo 104 la lamulo la LMRDA la 1959, lokhudza kayendetsedwe ka mabungwe a antchito, limakupatsani ufulu wolandira pangano limene limakhudza ntchito yanu. Si chisomo cha munthu wa pa desiki.

Tsopano msampha weniweni. Pangano lililonse limaika malire a nthawi yoperekera dandaulo, grievance, ndipo malirewo amawerengedwa m'masiku, osati miyezi. Kwina ndi masiku owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Amayamba kuwerenga kuchokera tsiku limene chinthucho chinachitika kapena limene munachidziwa, ndiye kuti tsiku lomwe supervisor anakuuzani kuti mawa mubwerere kolongedza. Mawu apakamwa a steward akuti "ndiyankhula nawo" nthawi zambiri saimitsa kuwerengako. Chimene chimakutetezani ndi pepala: fomu yodzaza, yosaina, yokhala ndi deti, yoperekedwa kwa woyenera kuilandira monga pangano likunenera, ndipo kope lake lili m'thumba mwanu.

Ndaona nkhani zabwino zikufera pomwepa. Munthu amabwera ndi envulopu yodzaza: masilipi a malipiro, kabuku kamene analembamo tsiku lililonse anayenda ndi galimoto, mauthenga a pafoni, mboni ziwiri zokonzeka kuyankhula. Nkhani imafika pa komiti yomva madandaulo, pamene pamakhala anthu a kampani ndi a bungwe chiwerengero chofanana. Woimira kampani sayamba ndi funso lakuti dalaivalayu ankachedwadi kapena ayi. Amayamba ndi madeti awiri: tsiku lochotsedwa ndi tsiku lolembedwa pa fomu. Akasonyeza kuti fomu inachedwa, amapempha kuti nkhani ithere pomwepo, ndipo envulopu ija imabwerera kunyumba osatsegulidwa. Chigamulo cha komiti yotere chimamanga mbali zonse. Ena amayesa kunena kuti cholakwacho chikupitirirabe tsiku ndi tsiku, ndiye nthawi sinathe. Mfundo imeneyo imathandiza pa malipiro operewera sabata iliyonse, koma kuchotsedwa pa galimoto kumaonedwa ngati chinthu chochitika tsiku limodzi, ndiye musaidalire.

Steward wanu sindikumuweruza kuti ndi woipa. Ambiri ndi antchito anzanu omwe amagwira udindowo pamwamba pa ntchito yawo, ndipo nkhani zina amazithetsadi pongoyankhula pakhomo la ofesi. Koma zimandikwiyitsa kuti munthu wodziwa malire a nthawi amasiya mnzake akudikira sabata yonse osamupatsa ngakhale fomu. Kuyankhulana kungapitirire fomu itaperekedwa kale, sizitsutsana. Mawa m'mawa mupempheni fomu, mudzaze muli pomwepo, mujambule ndi foni isanachoke m'manja mwanu. Akazengereza, imbirani business agent, mkulu wa ku ofesi ya local woona za madandaulo, tsiku lomwelo ndipo mumutumizirenso uthenga wolemba, kuti pakhale umboni wa deti. Ngati mukuona kuti masiku adutsa kale, perekanibe. Onani ngati buku likunena masiku ogwira ntchito kapena masiku onse a pa kalendala, pakuti Loweruka ndi Lamlungu akhoza kukupulumutsani. Funsaninso steward ngati kampani inavomera kuwonjezera nthawi pamene ankakambirana. Akati inde, akuonetseni pamene zalembedwa.

Pa fomupo musalembe mbiri ya moyo wanu. Lembani deti, amene anakuuzani, mawu amene ananena, ndime za pangano zimene mukuona kuti zaphwanyidwa, kenaka muwonjezere kuti "ndi ndime zina zonse zokhudzana ndi nkhaniyi". Pomaliza lembani chimene mukufuna: kubwezeretsedwa pa galimoto kuti mumalize masiku anu, ndi kulipidwa kusiyana kwa ndalama zimene mwataya.

Kodi mudzapambana? Sindingalonjeze. Pa nthawi yoyesedwa kampani imakhala ndi mpata waukulu woweruza ngati munthu akukwanitsa, ndipo makomiti sakonda kulowerera pa chiweruzo chimenecho. Dandaulo lakuti "supervisor sankandikonda" silipita patali. Limene limaima bwino ndi lokhudza manambala ndi ndondomeko. Kawirikawiri dalaivala wa maphukusi amayesedwa masiku 30 ogwira ntchito. Werengani anu bwinobwino, ndipo muone m'buku ngati masiku a m'kalasi amalowa, ngati masiku oyenda ndi wokuphunzitsani amalowa, ngati a nyengo ya Khirisimasi amachotsedwa, komanso ngati masiku 30 amenewo ayenera kukwana mkati mwa nthawi inayake. Zikapezeka kuti munali mutakwanitsa kale pamene ankakuchotsani, nkhani yasintha kwambiri. Kachipangizo ka DIAD kamene mumasikanira maphukusi kamasunga nthawi zanu, ndipo bungwe lili ndi ufulu wopempha zolemba zofunika pa dandaulo. Muuzeni steward apemphe molemba. Onaninso ngati pali maphunziro kapena maulendo oyenda ndi supervisor amene buku likuti mupatsidwe koma simunapatsidwe, ndi ngati ankakusinthirani njira tsiku lililonse pamene ena oyesedwa ankasiyidwa pa njira imodzi.

Za khoti zili chonchi. Khoti Lalikulu la America linagamula mu 1965, pa mlandu wa Republic Steel v. Maddox, kuti wantchito ayenera kuyesa kaye njira ya madandaulo ya m'pangano asanasumire kampani. Njirayo ikakukanikani, khoti limatsegula chitseko pokhapokha mutasonyezanso kuti bungwe linakulakwirani pokuimirani, ndipo muyeso wa mlandu wa Vaca v. Sipes wa 1967 ndi wovuta: bungwelo lichite mosaganiza konse, mwatsankho kapena mwachinyengo. Kulakwitsa wamba nthawi zambiri sikukwana. Nthawi yosumira mlandu woterewu ndi miyezi 6 yokha, malinga ndi chigamulo cha DelCostello v. Teamsters cha 1983. Dandaulo ku NLRB, bungwe la boma loona za ufulu wa antchito ndi mabungwe awo, nalonso ndi miyezi 6. Ngati muli ndi umboni weniweni wakuti anakuchotsani chifukwa cha khungu kapena dziko lochokera, imeneyo ndi njira ina, ya ku EEOC, bungwe la boma lolimbana ndi tsankho pa ntchito, masiku 180 kapena 300 kutengera chigawo, ndipo kupereka grievance sikuimitsa masiku amenewo.

Amalume anu akulankhula mwa mantha a munthu wokukondani, koma pa nkhani iyi akukusokeretsani. Grievance si kusumira boma, si kutukwana bwana. Ndi njira imene kampaniyo inasainira yokha, ndipo anzanu obadwira komweko amaigwiritsa ntchito pa mphindi zochepa za ovataimu osachita manyazi. Lamulo la antchito la NLRA la 1935 limaletsa kulanga munthu chifukwa chofuna ufulu wake wa m'pangano. Sindikuti kuyang'anidwa ndi diso lofiira sikuchitika, kumachitika, koma kukhala chete kumene akukulangizani ndi kumene kukudya masiku anu.

Zotsalazi mwachangu. Pitirizani kupita kolongedza pa nthawi yake, musajombe chifukwa cha mkwiyo. Mukauzidwa ntchito, gwirani kaye, dandaulo pambuyo, kupatula ngati ikuika moyo pachiswe. Musasaine pepala lonena kuti mwasiya nokha udalaivala, chifukwa mapangano ena amasiyanitsa wodzichotsa yekha ndi wochotsedwa, ndipo siginecha yanu ikhoza kupha dandaulo. Akakukakamizani kusaina chikalata china, lembani pambali kuti mwangolandira, simukuvomereza. Akakuitanani kukafunsidwa mafunso amene angathere ku chilango, pemphani steward ndi pakamwa panu. Ufulu umenewu, wochokera ku mlandu wa Weingarten wa 1975, sugwira ngati simunaupemphe, ndipo bwana sakakamizidwa kukukumbutsani. Indiana inakhazikitsa mu 2012 lamulo lakuti munthu asakakamizidwe kulipira bungwe, komabe bungwe liyenera kuimira aliyense wokhudzidwa ndi pangano, membala kapena ayi. Khadi lanu la chipatala la DOT (unduna wa zamtengatenga), losonyeza kuti muli ndi thanzi loyendetsa galimoto, limagwira ntchito zaka ziwiri zikachuluka, lisathe muli pa mzere, ndipo laisensi ikhale yoyera. Fufuzani m'buku nthawi yodikira musanalembetsenso, kwina imafika chaka, mulembe detiyo pa kalendala.

Mukapeza supplement, nditumizireni masamba a madandaulo ndi a madalaivala ogwirizira, pamodzi ndi madeti onse amene munayenda ndi galimoto. Koma fomu ija musadikire yankho langa, iperekeni mawa.