Kanyumba kosungiramo zida za kudimba: ndalama zipite pansi, padenga ndi pachitseko

Mayi, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati muli ku Kasungu kuno kufupi ndi boma, muli ndi dimba kuseri kwa nyumba, ndipo makasu, makheni, sipuleya, pampu ya injini ndi matumba a feteleza zonse zikugona kuchipinda kwa ana. Wowotcherera wakuuzani kuti akupangireni kanyumba ka malata okhaokha pa felemu yachitsulo, bilidala akuti njerwa basi, ndiye mukufunsa kuti chotchipa komanso cholimba ndi chiti. Ine ndamangapo tiwiri kwathu chaku Santhe, ndiye mundilole nditalikitseko.

Poyamba penipeni, malowo ndi anuanu kapena mukuchita lendi? Ngati ndi a lendi, musavutike n'kuwerenga za njerwa. Tengani za wowotcherera uja, koma mumuuze kuti felemuyo aimange ndi mabawuti, asawotcherere paliponse, kuti tsiku losamuka mudzamasule n'kukweza pa ngolo. Khoma la njerwa pamalo a eni ake mudzalisiya pomwepo. Ngati malowo ndi anu, ine ndikuti njerwa kapena mabuloko, ndipo chifukwa chake ndi katundu amene mwatchulayo.

Kanyumba ka malata okhaokha mu Okutobala kamasanduka uvuni. Mbewu yosungidwa mmenemo imachepa mphamvu yomera, mankhwala opopera amaguga msanga, ndipo petulo wa pampu pamalo otentha chotero si wosewera naye. Usiku kukazizira malata amachita thukuta mkati, madontho n'kumagwera pa katundu. Komanso feteleza ndi chitsulo sizigwirizana. Fumbi la feteleza likakumana ndi chinyezi limadya malata, muona dzimbiri likuyamba mmunsi momwe matumba atsamira. Ka malata n'kabwino kwa munthu wosunga makasu, wilibala ndi mapaipi basi.

Komabe anthu timakonda kukangana za khoma, pamene chimene chimagwetsa tinyumba timeneti ndi pansi. Kanga koyamba ndinakamanga ndi mitengo ya bulugamu yosathira mankhwala, ndinangokumba maenje n'kuzika nsichi, pansi n'kutsira ndi dothi ngati khitchini. Mvula ziwiri zokha, chiswe chinali chitadya nsichi zonse mmunsi, kunja zikuoneka zabwino koma mkati muli gwaa. Matumba awiri a Urea amene ndinaika pansi anakoka chinyezi, feteleza wina n'kusungunuka, wotsalayo n'kuuma ngati mwala. Ndalama ya fetelezayo inali yokwanira kuwaka pansi ponse ndi simenti. Zinandipweteka kwambiri chifukwa chimanga chaka chimenecho chinabereka mosakondweretsa.

Ndiye yambani ndi malo. Kumbukirani kumene madzi amayenda pabwalo panu mvula ikagwa yamphamvu, makamaka ochokera padenga la nyumba yaikulu, ndipo kanyumbako kakhale pamtunda, kutali ndi njira imeneyo. Pewani pafupi ndi chulu, ngakhale chooneka ngati chakufa. Ngati dimba lanu latsikira kudambo komwe kuli dothi lakuda la makande, lija limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, musamange pamenepo, khoma lidzachita ming'alu chaka choyamba. Kuli bwino kuyenda masitepe makumi awiri ndi kheni m'manja kusiyana n'kumanga pa makande. Dothi lamchenga lofiirira lomwe lili mbali zambiri kuno ndi labwino, bola mukumbe mpaka mupeze polimba. Ndipo poti muli m'dera la khonsolo ya tauni, kafunseni kuofesi yoona za mapulani musanayambe, makamaka ngati mukufuna kugundiza kumpanda wa aneba.

Kukula kwake, mamita 3 mbali zonse n'kokwanira pa zimene mwatchulazi, wilibala n'kulowanso. Musachepetse kuposa apa. Aliyense amene anamanga kakang'ono amadandaula pakutha pa chaka, chifukwa soya ndi mtedza zikabwera kuchokera kumunda zimafunanso pogona. Poyeza, bilidala akhome zikhomo n'kumanga chingwe, kenaka ayeze kuchokera pakona ina kukafika pakona yopingasa nayo, mbali ziwiri zonse. Miyezo iwiriyo ikafanana ndiye kuti nyumba yakhala bwino. Ikasiyana, mudzaonera pa malata, adzakana kugona mowongoka.

Maziko akumbidwe mpaka polimba, nthawi zambiri kuya kofika m'bondo. Pansi pake pathiridwe konkire, ndowa 1 ya simenti, 3 za mchenga, 6 za miyala ya kwale. Njerwa za fawundeshoni ziwakidwe ndi simenti ndithu, ndipo zikwere mizere iwiri kapena itatu pamwamba pa nthaka kuti pansi pa kanyumbako pakhale pokwera kuposa bwalo. Mkatimo muthire dothi ndi zibuma za njerwa, mutsendere kwambiri mukuwaza madzi, kenaka muyale pulasitiki wakuda uja wa DPC musanathire silabu. Mzere wina wa DPC upite pamwamba pa fawundeshoni khoma lisanayambe. Pulasitiki ameneyu ndi chinthu chotchipa kuposa zonse pa ntchitoyi, koma ndi amene amaletsa chinyezi kukwera, ndipo amisiri ambiri amamudumpha mwini wake akapanda kuima pomwepo. Silabu ikhale yokhuthala masentimita 7 kapena 8. Mukathira, muziithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, muifunditse masaka kapena udzu. Konkire youma msanga ndi dzuwa imafumbutuka ngati chigumu.

Za khoma sindichedwapo. Kutsogolo mamita 2.6, kumbuyo 2.1, kuti denga likhale lotsetsereka mbali imodzi. Khoma la njerwa imodzi yogoneka m'litali limakwana, bola muike waya wolimbitsa khoma uja wa brickforce pakatha mizere itatu kapena inayi iliyonse. Njerwa zowotcha zimalowa pafupifupi 55 pa sikweya mita, kutengera chikombole chimene anaumbira, ndiye pamodzi ndi fawundeshoni komanso zosweka panjira muwerengere 2,200. Mabuloko a simenti aja a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, ndiye 400 akukwanirani. Buloko limaoneka lodula pogula, koma limawakika msanga ndipo limadya matope ochepa. Ine kachiwirika ndinamanga ndi mabuloko, ndipo mtima wanga uli komweko. Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi za mabizinesi pofuna kuteteza mitengo, ndipo ife a ku Kasungu tikudziwa tokha mmene nkhuni zavutira, fodya ndi mauvuni zatimalizira nkhalango. Zidina nazo zimatheka ngati thumba lavuta, koma zikhale pamwamba pa fawundeshoni ya simenti, denga lituluke kwambiri, ndipo mudziwe kuti wakuba amaboola khoma la zidina mosavuta. Pampu musagoneke mmenemo.

Musaiwale mpweya. Kumtunda kwa makoma awiri oyang'anana kukhale timabowo ta ma air vent, totchinga ndi sefa wa waya kuti makoswe ndi mileme zisalowe. Zenera lalikulu silofunika, limangoitana maso.

Tsopano denga, apa ndiye mumvetsere. Malata amayezedwa ndi geji, ndipo nambala ikamachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala moti mmisiri akaponda molakwika imabonyoka. Pa kanyumba kakang'ono chotere kusiyana kwa mtengo si kwakukulu chifukwa malata ake ndi ochepa, ndiye tengani 28. A IBR amaphimba masentimita pafupifupi 69 lililonse mukawalumikiza, choncho malata 6 a mafiti 12 akukwana, n'kutsalanso otuluka kunja mbali zonse kuti mvula isamamenye khoma. Mapulanga a 2x4 anayi a phaso, a 2x3 mizere isanu yokhomerapo malata. Ambiri amene timagula kuno ndi a paini ochokera ku Chikangawa, ndipo paini chiswe chimamukonda. Sankhani ouma, owongoka, opanda mfundo zambiri, muwapake mankhwala oteteza matabwa a Solignum mbali zonse ndi kumapeto komwe mwadula musanawakweze. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto, amathandizako ndithu, koma musamuthire m'nthaka pafupi ndi chitsime kapena mabedi a ndiwo zanu.

Chimene chimasasula madenga kuno si mvula, ndi mphepo ija imabwera ndi mvula yoyamba mu Novembala. Denga la mbali imodzi limanyamuka lonse ngati chipewa likakhala kuti langokhazikidwa pakhoma. Uzani bilidala akwirire waya wokhuthala kapena kalamba kachitsulo kaja ka hoop iron m'khoma, mizere inayi kapena isanu kuchokera pamwamba, pamalo paliponse pomwe padzagone phaso, ndipo wayayo adzazengereze pa thabwa n'kukhomera. Zimenezi zimachitika khoma likukwera, osati litatha. Misomali ya malata ikhale ya zisoti, ikhomedwe pamsana pa lata, osati mumngalande moyenda madzi. Ndimamva chisoni ndikamaona miyala ndi matayala zitasanjikidwa padenga la nyumba yatsopano, chifukwa waya wosakwana ndi kilogalamu ziwiri akanathetsa nkhani yonse.

Wowotcherera uja musamutaye, ntchito yake ndi chitseko. Chikhale chachitsulo, chotambalala masentimita 90 kuti wilibala ilowe, felemu yake ikhale ndi timiyendo tolowa m'khoma powaka. Mahinjesi awotcherere, ndipo poika loko apangepo kabokosi kophimba kuti chitsulo chotsegulira mokakamiza chisapeze pogwira. Pansi pa chitseko pasatsale mpata woti chala n'kulowa, khoswe amadutsa pang'ono pokha. Pampu ndi sipuleya ndi katundu woyenda malonda msanga, ndipo loko wabwino pa chitseko cha mapulanga okhomera ndi misomali kunja ndi chabe.

Za ndalama, ndikupatsani muyezo wa katundu osati makwacha, ndipo ndachita dala. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera pamenepo mtengo wa mu hadiweya sukhalitsa. Nambala imene munthu angakulembereni pano idzakusokeretsani mwezi wamawa. Tengani pepala mulembe izi: simenti matumba 15 mpaka 18 a makilogalamu 50 ngati muwaka ndi simenti ndi kupaka pulasitala mkati ndi kunja, kapena pafupifupi 10 ngati khoma la njerwa muwaka ndi dothi n'kungotseka mizere ndi simenti kunja, njerwa kapena mabuloko monga ndanenera, malata 6, mapulanga aja, DPC, brickforce, waya, misomali, Solignum ndi chitseko. Muyende nalo pepalalo m'mahadiweya atatu pa boma tsiku limodzi, mufananize. Mwayi wathu ndi woti simenti ya Akshar a kampani ya Shayona amapangira m'boma lathu lomwe lino, siichokera kutali. Pogula gwirani thumba lililonse, likakhala ndi mibulu yolimba lisiyeni, lagona pachinyezi. Ndipo simenti musagule yoti ikhale miyezi, gulani sabata imene ntchito ikuyamba. Malata ndi chitseko ndi zimene mungagule pang'onopang'ono n'kusunga.

Zimene zimadya ndalama mwakachetechete ndi zosalembedwa pa kotesheni: ngolo zotuta mchenga ndi miyala, aganyu otunga madzi, thiransipoti ya malata kuchokera pa boma, nsima ya amisiri masana. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala, woti mukaufinya m'manja suumbika. Wosakanikirana ndi dothi umamwa simenti pachabe. Pamwamba pa zonse muonjezere gawo limodzi mwa magawo khumi la zodzidzimutsa.

Bilidala mugwirizane mtengo wa ntchito yonse, osati wa patsiku, ndipo mulipire m'magawo: akamaliza fawundeshoni ndi silabu, akafika pa lintala (mtanda wa pamwamba pa chitseko), akakhoma denga. Gawo lomaliza likhale lalikuluko ndithu. Zipangizo muzigula nokha. Musanamulembe, kaoneni nyumba imene anamanga zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mucheze ndi eni ake. Kanyumba kotere mmisiri mmodzi ndi womuthandiza amamaliza m'sabata ziwiri, kuwerengera ndi masiku odikira konkire. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, mvula itatha koma madzi asanavute m'zitsime. Muyankhule naye msanga, chifukwa msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma amisiri abwino amakhala atagwidwa kale ndi alimi.

Mukasamutsa katundu, feteleza akhale pa mapaleti kapena pa mitengo yogoneka, asakhudze pansi kapena khoma. Mankhwala opopera akhale pashelefu yapamwamba, m'mabotolo ake omwe, komwe ana sangafikire, ndipo asayandikane ndi chimanga kapena mtedza wodya. Ngati mukufuna kusungamonso zokolola, gawani kanyumbako pakati ndi khoma lofika kudenga. Petulo asakhale wambiri, ndipo nyali ya moto kapena kandulo zisalowemo. Makasu ndi zikwanje muzipachike pa misomali kukhoma. Kamodzi pamwezi, makamaka m'dzinja, zungulirani khoma lonse mkati ndi kunja kuyang'ana timisewu ta dothi ta chiswe, mukatipeza mutiphwanye n'kutsata kumene tachokera.

Muike gatala kumbuyo komwe denga latsetserekera ndi mgolo pansi pake. Denga limeneli ndi la masikweya mita pafupifupi 15, ndiye mvula ya mamilimita 20 yokha imakupatsani malita 300, mgolo umodzi ndi theka, oti muthirire nazale. Tiuzeni ngati malowo ndi anu komanso dothi lake ndi lotani, ndikuwerengereni bwino za maziko.