Mabowo a carbon fibre akumatuka kunsi: mukukankha kwambiri, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Lilongwe yemwe akudzipangira drone kunyumba. Analemba kuti: "Ndinagula thabwa la carbon fibre la mamilimita 3. Ndikamaboola mabowo a mabawuti a mota, pamwamba pakutuluka bwino, koma kunsi kukumanyuka ndipo timaulusi tikungoti nyankhalala. Biti nazonso zikubuntha msanga. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, zikomo pofunsa. Chichokereni pomwe UNICEF ndi boma anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017, mafunso otere akubwera ndithu, ndipo ine amandisangalatsa.

Choyamba, thabwalo musalione ngati chitsulo. Ndi timapepala ta ulusi wa kaboni tosanjikizana, tomatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, monga momwe pulayiwudi imakhalira. Ulusi umodzi ndi wonenepa pafupifupi ma micrometre 7 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), tsitsi lanu limauposa kangapo. Ulusiwo ndi wolimba zedi mukaukoka m'litali, koma chomwe chagwira pepala lina ndi linzake ndi guluu yekha. Pamenepo ndi pomwe pali chofooka.

Ndiye taonani zomwe zimachitika biti ikamalowa. Ili pamwamba, pansi pake pamakhala mapepala ambiri oichirikiza. Ikafika chakumapeto pamatsala awiri kapena limodzi, opanda chowagwira kumbuyo. Nsonga yeniyeni ya biti wamba siidula, imangokankha. Mphamvu ya dzanja lanu ikaposa ya guluu, mapepala otsalawo amatukuka n'kumatuka biti isanawadule. Choipa chake n'chakuti kumatukako kumalowerera m'kati kupitirira pomwe maso akuona, ndipo bawuti ya mota ikamanjenjemera pamenepo mng'aluwo umangokulirakulira.

Kubuntha kwa biti n'kogwirizana ndi vuto lomweli. Chitsulo chikamabooledwa chimasendeka timizere topotana, pomwe kaboni amangothyoka n'kusanduka fumbi lokhakhala ngati la sandipepa. Biti wamba zachitsulo zotchedwa HSS zomwe timagula m'mahadiweya zimatha mano pa mabowo ochepa chabe. Ikabuntha mumawonjezera mphamvu osazindikira, kunsi n'kumanyukiratu. Pezani biti ya carbide (yolimba kwambiri kuposa ya HSS), makamaka ya nsonga yakuthwa ngati zija zoboolera matabwa, yomwe imayamba kudula m'mphepete mwa bowo. Opanga ndege amagwiritsa ntchito za diamondi, poti theka la kulemera kwa ndege ya Boeing 787 ndi zipangizo za mtundu umenewu, koma mtengo wa biti zimenezo si wa ife a pakhonde.

Chomwe chikupulumutseni kwambiri n'chotchipa: kathabwa kosalala pansi pa carbon fibre, mutapana ndi kilampu mpaka pasatsale mpata. Kungokaika pansi osapana n'kutaya nthawi, chifukwa kampata kakang'ono n'kokwanira kuti pepala lomaliza lipindike. Matani tepi mbali zonse ziwiri, yambani ndi kabowo kakang'ono ka milimita 1 kapena 1.5, kenako mukuze. Dirilo izizungulira mothamanga koma dzanja lizitsika pang'onopang'ono, ndipo mukamva kuti yatsala pang'ono kutulukira, pepukitsani dzanja. Ambiri timachita zosiyana, timakankha kuti tithane nazo.

Musapitirirenso muyeso n'kumangoisiya biti ikupukusa malo amodzi. Ikatero pamatentha, epoxy n'kuyamba kufewa, ndipo akafewa ulusi umazuka m'malo moduka. Mukamva kafungo ka pulasitiki wopsa, imani kaye izizire.

Mukasuzumira m'bowo mutha kuona timaenje pena ndi pena pomwe kwina kuli see. N'chifukwa choti biti ikamazungulira imakumana ndi ulusi mopingasa mosiyanasiyana, pena imaudula bwino, pena imaupinda n'kuuzula. Pa drone yanu izi zisakusowetseni tulo.

Mabowo omwe mwaboola kale, gogodani mozungulira ndi kandalama kachitsulo. Pabwino pamalira mokweza, pomatuka pamamveka phuphuphu ngati dzungu lofumbwa. Ngati ndi m'mphepete chabe, donthezani epoxy wamadzimadzi, panani mpaka aume, n'kusalaza timaulusi ndi sandipepa wonyowa. Ngati kumatuka kwafika pa dzanja la drone lonyamula mota, dulani lina. Ine sindingaulutse chinthu choterocho pamwamba pa anthu.

Za fumbi lija: valani masiki ndi magalasi, ndipo mupukute ndi kansalu konyowa, osapemerera. Kaboni amadutsitsa magetsi, choncho likalowa mu dirilo kapena m'timabodi ta drone limachititsa shoti. Booleranitu kutali ndi zamagetsi zonse. Komanso mabawuti a aluminiyamu akakhudzana ndi kaboni pachinyontho amadyeka, bola a stainless steel. Mukaboola ena munditumizire chithunzi cha kunsi kwake.